Mapazi pa Galasi

Mutu 4

1. Munda wa magalasi

Amene anamupatsa dzina loti Nthenga anali a Kapitawo, tsiku loyamba lomwe anafika pantchito. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ovolosi ikumulendewera ngati yobwereka, n'kunena kuti, "Ameneyu mphepo ikayamba mumumangirire kuchitsulo, angatiulukire." Anthu anafa nalo phwete, dzina n'kukakamira pomwepo. Ngakhale mayi ake omubereka anayamba kutchedwa a Make Nthenga.

Nthenga anali mtsikana wochepa thupi koma wachangu. Atamaliza sekondale anasankhidwa pamodzi ndi achinyamata ena kuti aphunzire ntchito ya zamagetsi pamalo pomwe kampani ina inkamanga siteshoni yaikulu ya magetsi a dzuwa. Musaganize za kasola kaja mumatchajira foni pawindo, ayi. Apa mapanelo anandandalika mizeremizere mpaka pomwe maso alekezera, moti anthu ankangoti kumunda wa magalasi. Magetsi ochokera pamenepo ankayenera kulowa m'mawaya akuluakulu aja oyenda pansanja zachitsulo, n'kukaunikira zipatala, masukulu ndi mafakitale a dziko lonse.

Mapanelowo anali ndi khalidwe lodabwitsa, ankatsatira dzuwa. M'mawa ankapendekera kum'mawa, madzulo kumadzulo. Dzuwa likafika paliwombo ankagona thyathyathya ngati tebulo.

Mayi ake a Nthenga ankagwiranso ntchito pomwepo. Iwo ndiwo ankatsogolera gulu la amayi otsuka mapanelo. Ankalawirira m'mamawa galasi lisanatenthe, atanyamula maburashi a mipini italiitali ndi mapaipi a madzi. Bambo a Nthenga anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho burashi ya mayi akeyo ndiyo inkadyetsa nyumba yonse, kuphatikizapo ang'ono ake awiri amene anali akadali kupulayimale.

M'mawa uliwonse ntchito isanayambe, a Kapitawo ankasonkhanitsa anthu patsogolo pa ofesi n'kuwakumbutsa za chitetezo. Panali nkhani imodzi imene sankatopa nayo.

"Ana inu, tcherani khutu," ankatero, akugogoda panelo ndi chala. "Galasi ili n'lolimba, matalala amagwapo osaliswa, zimenezo n'zoona. Koma pansi pake pali timapale topyapyala kuposa chigoba cha dzira. Timeneto ndi timene timasandutsa dzuwa kukhala magetsi. Ukaponda pamwambapa galasi limangopindika pang'ono n'kubwerera, iwe n'kumati palibe chachitika. Bodza! M'katimo mwang'aluka. Ming'alu yake sungaione ndi maso, ngakhale utabwereka magalasi a agogo ako. Koma dzuwa likamawomba, pong'alukapo pamatentha, magetsi amachepa, ndipo tsiku lina pakhoza kubuka moto. Choncho panelo saponda, sakhalira, satsamira, saikapo ngakhale bokosi la masipanala. Ndikadzapeza munthu wapondapo, kaya akhale mwana wa mlongo wanga, adzatuluka pageti tsiku lomwelo. Mwamva?"

"Tamva!" onse ankayankha.

Pagulu la ophunzira ntchito panali mnyamata wina wamtali ngati pholo la magetsi, amene pakamwa pake sipankatsekeka. Anzake ankamutcha Wayilesi. Tsiku lina a Kapitawo akulankhula choncho, Wayilesi anawerama n'kunong'oneza m'khutu mwa Nthenga.

"Nanga nthenga ikagwera pagalasi, nayonso ituluka pageti?"

Nthenga anaseka chamumtima, mawu a a Kapitawo n'kulowera khutu ili, kutulukira linalo.

2. Mlatho wa masana

Kenaka kunabwera mvula. Pakati pa munda wa magalasi panadutsa ngalande yaikulu yochotsera madzi. Mvula itayamba, ngalandeyo inadzaza madzi ofiira, m'mbali mwake muli matope okhaokha. Gulu la Nthenga linkamanga mabawuti ndi kulumikiza mawaya tsidya lino, pamene kantini inali tsidya linalo. Kuti munthu akadye ankayenera kuzungulira mpaka kukamlatho ka kumpanda, ulendo woti pofika njala imakhala itasanduka mkwiyo. Ndipo ofika mochedwa kukantini mukudziwa zimene amapeza: nyama yatha, kwangotsala msuzi woti ungadziyang'aniremo nkhope.

Mzere umodzi wa mapanelo unadutsa pamwamba pa ngalandeyo, zitsulo zake zitazikidwa mbali iyi ndi iyo. Masana, mapanelo atagona, mzerewo unkaoneka ngati mlatho weniweni.

Tsiku lina belu la nkhomaliro litalira, anzawo anauyamba ulendo wozungulira uja. Nthenga ndi Wayilesi anatsalira m'mbuyo akulongedza zipangizo.

"Taona mlatho waulere uwo," anatero Wayilesi. "Koma anapangira anthu opepuka. Ukanakhala nthenga yeniyeni bwenzi utauluka kale. Iwe ndi dzina chabe."

"Ukuti chiyani?"

"Ndikuti ndiwe nthenga ya nkhuku yonyowa."

Nthenga anali ndi vuto limodzi, sankafuna kudereredwa. Anayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu. Pagombe la ngalandeyo nthaka inali yokwera, moti mapanelo ankangomufika m'chiuno. Anagwira chitsulo, n'kudumphira pamwamba, nayamba kuyenda monyang'ama, timapazi tifupitifupi. Galasi silinalire, silinasweke. Anatsikira tsidya linalo, n'kutembenuka manja ali m'chiuno.

"Waona? Nthenga siswa galasi!"

Tsiku limenelo iye ndiye anali woyamba pamzere wa chakudya, ndipo anadya nthuli yonona mpaka mafuta kuyenderera m'chigongono. Wayilesi anafika thukuta lili kamukamu, n'kupeza msuzi uja.

Mawa lake Nthenga anawolokanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Posakhalitsa anasiya ngakhale kunyang'ama, ankangothamanga ngati ali pabwalo la sukulu.

Wayilesi naye kaduka kanamugwira. Masana ena anakwera pambuyo pake, akuponya miyendo yake italiitali ija uku akukuwa chapansipansi kuti, "Mayo ine, mayo ine!" Panelo lina linachita kuti tswa pansi pa nsapato yake. Anatsika maso ali tong'o. Anawerama n'kusisita galasilo ndi dzanja, koma linali losalala bwinobwino.

"Ine basi, sindidzayambiranso," anatero. "Koma waona wekha, palibe chasweka."

"Ndinakuuza," anayankha Nthenga. "A Kapitawo amangotiopseza."

3. Chigamba cha kuchidendene

Madzulo ena Nthenga akupala matope kunsapato zake pakhonde, mayi ake anabwera n'kukhala pakampando pafupi naye. Anatola nsapato yakumanzere n'kuitembenuza. Kuchidendene kwake kunali chigamba, chija iwo omwe anakaikitsa kwa wosoka nsapato pamene chidendenecho chinayamba kuyasama.

"Iwe," anatero mayi akewo, "pamzere wa pangalande paja ndikumapeza matope m'mawa uliwonse. Mapanelo akapendekera kum'mawa amaoneka bwinobwino. Ndi mapazi a munthu. Aang'onoang'ono. Lakumanzere lili ndi chigamba."

Nthenga anapitiriza kupala nsapato inayo, mutu uli pansi.

"Ndimawauza anzanga kuti mzere umenewo ndizitsuka ndekha, ndimachita kulumikiza mipini iwiri kuti burashi ifike pakati. Sindifuna wina awaone." Mayiwo anapumira m'mwamba. "Mwana wanga, ine sukulu sindinapite nayo patali, za m'kati mwa galasi sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti anatiuza kuti saponda, ndipo sananene kuti onenepa okha ndiwo asaponde. Iwe unasankhidwa pakati pa ana ambirimbiri. Ndikamakuona wavala chisoti chachikasu, sipanala ili m'thumba, mtima wanga umakhala m'malo. Ndimati mwana uyu sadzagwira burashi ngati ine. Usataye zimenezi chifukwa cha nthuli ya nyama. Ngati ndi njala nena, ndizikusungira gawo langa. Koma ngati wapondapo, pita wekha kwa a Kapitawo ukanene, lisanafike tsiku loyeza mapanelo. Ukapita wekha adzakukalipira, mwina adzakumvera chisoni. Akachita kukugwira sipadzakhalanso chisoni. Tsono ndikufunse: mapazi amene ndikutsukawa ndi ako?"

Apa ndi pamene Nthenga akanangoti inde, nkhani n'kuyamba kupepuka. Koma ayi, mwanayu anauma khosi.

"Amayi, pamalo paja pamagwira anthu mazanamazana. Nsapato ya chigamba ndi yanga yokha?"

"Tandiyang'ana."

Nthenga anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana mayi ake m'maso, nakanitsitsa kwamtuwagalu.

"Si ine, amayi."

Mayiwo anayang'ananso chigamba chija. Kenaka anaika nsapato ija pansi pafupi ndi inzake, mosamala.

"Chabwino. Ndamva."

Kuyambira tsiku limenelo Nthenga sanawolokenso pamlatho wake uja. Ankazungulira ndi anzake, n'kumamwa msuzi mosadandaula. Matope anali atatsukidwa, galasi linali mbee. Iye ankaona ngati nkhani yathera pomwepo.

4. Kandege

Siteshoni inali pafupi kutha. Kunangotsala kuyeza mzere uliwonse asanalumikize magetsi kumawaya a dziko. Pa ntchito imeneyi kunabwera a Injiniya, mayi wosalankhulalankhula, amene akakuyang'ana unkayamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Anabwera ndi kandege kouluka kopanda munthu, kokhala ndi kamera yoona kutentha kwa zinthu.

Kandegeko kanauluka masana, dzuwa likuswa mtengo. Anthu anasiya ntchito n'kumayang'ana kumwamba, Wayilesi akuulutsa mawu ngati ali pampira. "Kakupita, kakupita, kakhota, kabwerera!" Nthenga ankaseka ndi anzake.

Chakumadzulo onse anaitanidwa patsogolo pa ofesi. A Injiniya anali atatulutsa kanema wamkulu n'kumuika patebulo. Pakanemapo panaoneka mizere ya mapanelo, yonse yamtundu umodzi, yobiriwira.

"Umu ndi mmene panelo labwino limaonekera," anatero a Injiniya. "Tsopano onani mzere wa pangalande."

Chithunzi chinasintha. Pamzerewo panali madontho ofiira psuu, atandandalika kuchokera gombe lino mpaka linalo. Lina kumanja, lina kumanzere, lina kumanja, lina kumanzere.

Nthenga anawazindikira madonthowo nthawi yomweyo.

"Pofiirapa ndi pong'aluka," anapitiriza a Injiniya. "Awa si matalala. Matalala sayenda kumanja, kumanzere. Awa ndi mapazi a munthu. Mzere umenewu unalumikizidwa ndi ina yambiri, ndipo sindingalole kuti chigawo chonsecho chiyatsidwe mapanelo amenewa asanasinthidwe. Tsiku loyatsa lasuntha. Kuli zipatala zimene zikudikira magetsi amenewa, ndipo zidikirabe chifukwa cha munthu mmodzi amene waima pakati pathu pano."

A Kapitawo anavula chisoti n'kupukuta thukuta.

"Ndani amagwira ntchito pamwamba pa mzere umenewu?" anafunsa a Injiniya.

"Omanga anamalizapo kalekale," anayankha a Kapitawo. "Amene amafikapo tsopano ndi otsuka okha."

A Injiniya anati, "Ndipo burashi singafike pakati pa ngalande munthu ataima pagombe. Ndiye kuti wina amakwera. Mtsogoleri wa otsuka ndani?"

A Make Nthenga anatuluka pagulu, manja atawagwirizira kutsogolo.

"Ndine, mayi."

"Amatsuka mzere umenewu ndani?"

"Ndimatsuka ndekha."

"Mumakwerapo?"

Mayiwo sanacheuke ngakhale pang'ono kuyang'ana kumene kunaima mwana wawo. Anangoyang'ana pansi.

"Mayi, ndakufunsani."

"Ngati pali cholakwa pamzere umenewo," anatero potsiriza, "muike pa ine. Anzangawa sakudziwapo kanthu."

Amayi otsuka aja anayamba kung'ung'udza. Wina anaomba m'manja kamodzi n'kunena mokweza kuti, "Ha! Anthu otiuza tsiku ndi tsiku kuti osatsamira, kani iwo amachita kuvinapo!" Ena anaseka, kuseka kowawa.

A Kapitawo analankhula mawu ali pansi. "A Make Nthenga, ine ndakhala nanu nthawi yaitali, sindinayembekezere zimenezi. Koma lamulo ndinalinena ndekha. Mawa pamsonkhano wa m'mawa mudzabweze chisoti ndi ovolosi."

Nthenga anaima pomwepo. Anamva mayi ake akusekedwa, anaona akubwerera pagulu atazyolika, ndipo iye anangoti chete. Manyazi anamugwira kuyambira kumapazi omwewo mpaka kumutu.

Potuluka pageti Wayilesi anamukoka dzanja.

"Iwe, usayerekeze kutsegula pakamwa," ananong'ona. "Ukanena, tonse tithera panja. Mayi ako ndi akuluakulu, apeza pena. Ife tikachotsedwa pamaphunzirowa ndiye kwathu kwatha."

Nthenga anachotsa dzanja lake.

5. Ovolosi pachingwe

Atafika kunyumba anapeza mayi ake ali kuseri, akuchapa ovolosi m'beseni. Ankaitikita kolala ndi burashi yaing'ono ngati kuti mawa akupita nayo kuukwati. Ang'ono ake awiri aja anali atakhala pamwala akuonerera.

"Amayi, bwanji mukuchapa lero? Si Loweruka," anafunsa wamng'onoyo.

"Ndikukabweza. Chinthu cha eni sabweza chakuda. Pitani mukalembe za kusukulu."

Ana aja atalowa m'nyumba, Nthenga anaima pafupi ndi beseni. Anafuna kugwira ndowa kuti awathirire madzi, koma mayi ake anaitenga okha.

"Amayi."

"Ee."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani?" Mayiwo anafinya ovolosi ija, madzi n'kuchucha. "Unandiuza kuti si iwe. Unandiyang'ana m'maso."

Bola akanamukalipira. Bola akanamutukwana anthu oyandikana nawo n'kumva. Mawu ofatsawo ndiwo anamulasa Nthenga, misozi n'kuyamba kutsika yokha.

"Ndine, amayi. Ndinali ine."

"Ndikudziwa. Chigamba chija ndinakaikitsa ndine." Anayanika ovolosi pachingwe n'kuikoka m'mapewa kuti iwongoke. Kenaka anakhala pamwala paja n'kumulozera kuti naye akhale. "Tamvera. Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinaona mapazi, m'malo mokauza a Kapitawo ndinatenga madzi n'kutsuka. Ndinkaganiza kuti ndikukutchinjiriza, kani ndikungobisa bala kuti linyeke bwino. Ukanaimitsidwa tsiku loyamba, bwenzi atang'aluka mapanelo ochepa chabe, osati mzere wonse. Ndiye chilango ichi si chongondinamizira kwenikweni. Ndipo ine ndakula, burashi ndingakaigwire kwina, kaya m'nyumba za anthu. Iwe uli ndi ntchito ya m'manja imene ukuiphunzira. Sindikukuuza kuti ukanene, sindikukuuzanso kuti usakanene. Wakula, mutu uli nawo. Koma chimodzi chokha udziwe. Chimene chandipweteka lero si kusekedwa ndi anzanga aja, ayi. N'chakuti mwana amene ndinabereka ndekha angathe kundiyang'ana m'maso n'kundinamiza. Galasi lija asintha, abweretsa lina. Nanga ichi ndikasinthitsa kuti?"

Nthenga anabisa nkhope m'manja.

Chakudya cha madzulo amenewo chinamukanika. Wamng'ono uja anamuyang'ana n'kufunsa kuti, "Achemwali, simudya? Ndidye ine?" Nthenga anangomukankhira mbale.

6. Nsapato patebulo

M'mawa mwake anthu anasonkhana patsogolo pa ofesi monga mwa masiku onse, koma panalibe nthabwala. A Injiniya anaima pambali pa tebulo, kanema uja ali pomwepo. A Make Nthenga anabwera atavala zovala zakunyumba, ovolosi atayipinda bwinobwino, chisoti chili pamwamba pake. Anayenda pakati pa anthu n'kuziika patebulo.

"Zikomo, bambo," anatero kwa a Kapitawo. "Ndagwira nanu bwino."

Anatembenuka kuti azipita kugeti.

"Dikirani!"

Mawuwo anatuluka mopyapyala, moti ena sanadziwe kumene achokera. Wayilesi anayesa kumugwira malaya, koma Nthenga anali atatuluka kale pamzere. Atafika patebulo anawerama, n'kumasula nsapato yakumanzere, nayiika pafupi ndi chisoti cha mayi ake, chigamba chikuyang'ana kumwamba.

"Mapazi aja ndi anga," anatero. "Ndinkawolokera pamenepo masana kuti ndikafike msanga kukantini. Amayi sanakwerepo ngakhale kamodzi. Iwo ankangotsuka matope anga. Anandifunsa, ine ndinawanamiza. Dzulo ndinaima apa iwo akusekedwa, ndinakhala chete."

Wina kumbuyo anati, "Kukantini? Mzere wonse uja chifukwa cha nyama?" Palibe anaseka. Nthenga anaima phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, yobooka pachala chachikulu, anthu mazanamazana akumuyang'ana. Ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Mayi uja amene anaomba m'manja dzulo lake anagwira pakamwa. "Kalanga ine! A Make Nthenga, pepani. Pakamwa pangapa."

A Kapitawo anamuyang'ana Nthenga nthawi yaitali.

"Dzina lija ndinakupatsa ndine," anatero. "Ndinkaseka, sindinadziwe kuti udzalikhulupirira. Tamvera, mwana iwe, ndipo nonsenu mumve. Pantchito ngati ino palibe munthu wopepuka. Bawuti imene wasiya yosamanga, waya amene walumikiza mwaulesi, phazi limene waponda poti saponda, zonsezi zimakhala phee, zimadikira. Tsiku loti zionekere zimagwera munthu wina, kawirikawiri amene sanalakwe. Dzulo zinagwera mayi ako. Mawa zikanagwera mlonda amene akanathamangira kukazimitsa moto. Wachita bwino kunena, sindikukana. Koma ukananena tsiku lija anakufunsa mayi ako, bwenzi lero tikukamba zina. Lamulo ndinalinena pamaso pa anthu onsewa, sindingalimeze. Vula chisoti."

Nthenga anavula chisoti chachikasu chija n'kuchiika patebulo. Manja ankakana kuchisiya.

A Injiniya anatenga chisoti cha a Make Nthenga pamodzi ndi ovolosi n'kuwabwezera m'manja.

"Mayi, bwererani kuntchito. Koma tsiku lina mukadzaona matope poti sipayenera kukhala matope, musadzayambe ndi madzi. Mudzayambe ndi ofesi ino."

"Ndamva, mayi. Ndinalakwa."

"Za mtsikanayu," anapitiriza a Injiniya, "ndikakamba ndi akuluakulu a maphunziro. Ndikawauza zimene anachita, ndikawauzanso kuti wadziulula yekha. Chimene akagamule sindikuchidziwa."

A Make Nthenga anakumbatira ovolosi yawo pachifuwa. Podutsa patebulo anaima, n'kutola nsapato ya chigamba ija. Anagwada pamaso pa anthu onse aja, n'kuiika pafupi ndi phazi la mwana wawo.

"Vala, mwana wanga," anatero chapansipansi. "Pansi pano pali misomali."

Nthenga analira ngati kamwana, osasamalanso kuti akumuona ndani.

Anthu anayamba kubalalika, aliyense kulowera kuntchito yake. Koma a Injiniya anakweza dzanja.

"Ophunzira ntchito nonse, imani kaye. Iwe Nthenga, bwera kuno."

Anayatsa kanema uja n'kukulitsa chithunzi cha mzere wa pangalande.

"Awa ndi ako, ndakhulupirira. Afupiafupi, obwerezabwereza. Koma taona m'mphepetemu." Analoza ndi cholembera madontho ena akuluakulu, ofiira kwambiri, otalikirana. "Amene anaponda apa anadutsa kamodzi kokha, ndipo miyendo yake ndi yaitali kuposa yako. Iwe sungatambasule chonchi ngakhale utadumpha. Unali ndi ndani?"

Nthenga anacheuka. Ophunzira anzake onse anali akumuyang'ana, kupatula mmodzi. Wamtali kuposa onse uja anali atazyolika, maso ali pansapato zake zikuluzikulu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni pamalopo, Wayilesi inali itazima.

"Ndikudikira," anatero a Injiniya.